Bulangeti la ku Joni pa madzi akumwa

Mawu anga ndi aakulu ndipo sindipepesa munthu. Ndinawakulitsira mu mgodi ku Joni, kumene ukalankhula ngati uli m'tchalitchi mwala umamugwera mnzako asanamve. Khutu lamanzere ndinalisiya konko. Nditabwerera kwathu ku Yofu, pachilumba, anthu ankati ndikapereka moni pakhomo panga, a mudzi wa kutali wa Khuyu amayankha kuti tadzuka bwino. Aziseka. Mawu omwewo ndi amene anandipatsa ntchito.

Zinali zaka zochepa matipate atalowa. Mkazi wanga anali atatisiya, ana anga ali kutsidya, wina ku Mzuzu, wina ku Bulawayo, onse zii. M'nyumba mwanga munali ine ndi makoswe. Khomo limodzi lokha ndi limene linkandiwerengera ngati munthu, la mlamu wanga, mng'ono wake wa malemu mkazi wanga. Iye ndiye ankandiviikira chinangwa, ndipo masana ndinkadya kumeneko. Mwamuna wake anali msodzi wa usipa, munthu wofatsa, woimba nawo m'kwaya, mnzanga wa bawo. Pa bawopo ankandidya ng'ombe mwakachetechete, ine n'kumakuwa ngati ndikupambana.

"Alamu, idyani mutatseka pakamwa," ankatero mlamu wangayo. "Nkhuku zanga zaleka kuikira chifukwa cha inu."

"Mukadakwatiwa ndi ine, bwenzi muli ndi nkhuku zolimba mtima."

"Ine? Achemwali anga anafa n'phokoso, mukufuna mumalize banja lonse?"

Mwamuna wake ankangoseka, maso ali pa bawo.

Nthawi imeneyo kwathu kunalibe mpopi. Nyanja inali chitsime chathu, bafa lathu, pochapira pathu, zonse. Ndipo gombe la amayi ndi la amayi. Mwamuna ukamadutsa njira ya pamwamba umaodira patali, nkhope n'kulozetsa kuphiri. Kutsikirako ayi, ngakhale mbuzi yako italowera komweko umadikira kuti aithamangitse okha. Tinaupeza mwambowu, ndipo sindinamvepo wina ataulumpha.

Ndiye mvula ya chaka china inabwera ndi kolera. Inayambira mbali ya ku Chipyela n'kumayenda khomo ndi khomo. Alangizi a zaumoyo anabwera, komiti ya m'mudzi inakhala pansi, ndipo anagwirizana zogawa gombe la amayi pawiri. Anazika mtengo, kuupaka laimu. Mbali imodzi yosamba ndi kuchapa, mbali inayo, ya kumiyala kumene madzi ake ndi oyera, yotunga madzi akumwa basi. Sopo asafikeko, thewera lisafikeko, ngakhale mbale.

Kuzika mtengo n'kosavuta. Woulondera ndani? Amayi anakana. Anati onse ndi apachibale, sangakalipire apongozi awo chifukwa cha poto. Mwamuna sangatsike. Ndiye wina kumbuyo anati, "Pali bambo wina safunika kutsika, mawu ake amatsika okha." Msonkhano wonse unatembenukira kwa ine. Ndinaimirira n'kuvomera anthu asanamalize kuseka.

Pamwamba pa gombelo pali thanthwe. Ndinkakhala pamenepo kuyambira m'mawa, msana kulozetsa kosambira, maso ku mbali yotunga, kumene amayi amafika atavala. Malipiro kunalibe. Ndikangoona thovu la sopo likuwoloka mtengo, ndinkaliponya liwu.

"Wa sopoyo! Sunthirani uko! Ana athu amwe malaya anu?"

"Iii, wailesi yatsegulidwa," ankayankha kumbuyo kwangako. "Wina achotse mabatire!"

Koma ankasuntha. Ndinkapita ku nkhomaliro khosi lili gwa, mlamu n'kundifunsa kuti lero ndaweruza milandu ingati.

Kenaka mnzanga wa bawo anasowa pakhonde. Mlamu anandichingamira panjira ndi chakudya chovundikira, akuti bambo ali ndi malungo, phokoso sakulifuna. Mawa lakenso chimodzimodzi. Sanandinyoze n'komwe, ndipo zimenezo zinandidabwitsa kuposa malungowo.

Tsiku lotsatira ndinalawirira kuthanthwe, dzuwa likungosuzumira ku mapiri a ku Mozambiki. Kosambira kunali kale amayi, ndinkamva akumenya zovala pamiyala. Nditayang'ana mbali yotunga ndinaona munthu mmodzi atawerama kuseri kwa mwala, pobisika kwa amayi anzake koma poonekera kwa ine. Anali mlamu. Pambali pake panali mphasa yonyowa. M'manja anali ndi bulangeti lofiira la mizere yakuda, ndipo bulangetilo ndinkalidziwa, chifukwa ndine ndinaligula ku Joni n'kumupatsa mwamuna wake. Atangolimiza, madzi ozungulira anayera ngati otsukira mpunga. Alangizi anali atatiuza kuti kolera amaoneka choncho.

Ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Mwamuna wamkulu, wa m'kwaya, akudziipitsira pogona. Mkazi wake sakanachapa zimenezo pamaso pa amayi a mudzi wonse. Anasankha mbali yopanda anthu, ndipo mbali yopanda anthu inali ya madzi akumwa.

"Mlamu, tulukani pamenepo," ndinatero. Ndinayesa kuchepetsa mawu. Mulungu ndi mboni, ndinayesa.

Anadzutsa mutu. Anaika chala pakamwa, kenaka anaomba m'manja mopanda phokoso, kundipempha. Akadakhala pena paliponse ndikadapita pafupi n'kumunong'oneza, ngakhale kunong'ona sindikudziwa. Koma pamenepo panali pa gombe la amayi, kumbuyo kwanga anthu ali osavala. Ndinakhalabe pathanthwe.

Ndipo m'njira munali mukutsika kale amayi ndi ndowa. Woyamba anali mayi wina wa khanda kumbuyo. Anafika m'madzi, n'kuyamba kupalasa pamwamba ndi ndowa kuti atunge, pafupi penipeni ndi pamene zoyerazo zinkayandama.

"Musatunge!"

"Lero ndiye mwalawira, agogo. Sopo ali kuti?"

"Ndati musatunge!"

"Ana apite kusukulu osamwa phala chifukwa inu mwalota?" Anzake anaseka, ndowa yake n'kumira theka. Anali atazolowera kukuwa kwanga ngati mmene tazolowerera mphepo ya mwera.

Pamenepo ndinatsegula chifuwa chonse. "Tayani madziwo! Muli kolera! Mlamu wanga akuchapa zofunda za mwamuna wake pamenepo!"

Kumenya zovala kunaleka. Asodzi amene ankakoka bwato ku gombe la amuna anaima. Mudzi wonse unamva, ndipo ndikhulupirira wodwala mwiniwake anamva ali pamphasa. Mlamu anaimirira, bulangeti likudontha, n'kundiyang'ana. Sanatukwane. Anakulunga katundu wake, anasenza, n'kukwera njira pakati pa amayi amene ankamupatukira ngati wanyamula moto.

Dzuwa lisanafike pamutu a zaumoyo anali atafika. Anamunyamula mnzanga pamachira kupita kuchipatala ku Chipyela, nyumba n'kuipopera mankhwala. Mbali yotunga anaitseka masiku angapo, madzi tinkakatunga kutali n'kuthiramo kolorini. Koma mnzangayo anali atatha madzi m'thupi. Anamwalira mawa lake.

Amene simunaone maliro a kolera simungadziwe. Thupi silibwera kunyumba. Achibale salisambitsa, salikhudza. Kugona pasiwa kulibe, kuphika kulibe. Munthu amene anaimbira maliro a mudzi wonse anapita kumanda atakulungidwa m'pulasitiki, atanyamulidwa ndi anthu ovala magolovesi, ife titaima patali ngati tikuonerera sitima. Wansembe anapemphera mwachidule. A kwaya anzake anayamba nyimbo, koma inathera panjira chifukwa anauzidwa kuti asaunjikane.

Pobwerera mlamu anaima patsogolo panga. Analankhula motsitsa, mpaka ndinachita kutembenuza khutu labwino.

"Akadafera m'nyumba mwake, bwenzi titati ndi malungo. Bwenzi nditamusambitsa. Bwenzi atalowa m'tchalitchi. Mwamutaya ngati galu, alamu."

"Nanga khanda lija likadamwa?"

"Mukadatsika."

"Pa gombe la amayi?"

"Mukadatsika," anabwereza, n'kumapita.

Mawu amenewo ndawatembenuza zaka zonsezi. Ndikadatsika, bwenzi lero ndikutchedwa nkhalamba yosuzumira akazi a eni, ndipo ndowa ija inali itamira kale. Ndinachita ntchito imene mudzi unandituma. Mwa amayi amene anali ndi ndowa m'mawa umenewo, palibe khomo limene linatulutsa maliro. Khanda lija linakula, ndimaliona likupalasa bwato. Silindidziwa, ndipo mayi ake sanabwerepo kudzati zikomo. Sindinapemphe.

Ndinadikira kuti mtima wa mlamu uzizire. Nditapita ndi nsomba, ndinapeza chitseko chotseka, utsi ukutuluka kukhitchini. Ndinaipachika pamtengo wa pakhonde. Mawa lake inali pompo, ntchentche zili ng'waa. Kutchalitchi, nthawi yopatsana mtendere, ankapereka dzanja kwa wa kumanja ndi wa kumanzere, akafika pa ine n'kuwerama kukonza nsalu.

Pathanthwe ndinakhalabe mpaka mvula inatha, ndi mvula zina zotsatira. Amayi analeka kundiseka. Ndikangotsokomola ankasuntha okha, mwaulemu, opanda yankho. Ntchito inayenda bwino kuposa kale, koma inali yozizira.

Mlamu anakwera sitima kupita kwa mwana wake ku Nkhata Bay. Ndinamva kwa anthu itanyamuka kale. Sanabwererenso.

Kuviika chinangwa ndinaphunzira ndekha, mu mtsuko kuseri kwa nyumba, tsitsi lili mbuu. Ulendo woyamba ndinachivuula msanga chisanafewe. Kondowole wake anali wowawa, ndipo ndinagona tsiku lonse mutu ukuzungulira, denga likuvina. Ndinaganiza zoitana munthu. Ndinayamba kutchula m'mutu makomo a ku Yofu, kuyambira kugombe mpaka kuphiri, kufuna limene ndingaitane. Nditafika pa lomaliza ndinadzuka ndekha, n'kukataya ufa wotsalawo.