Chimfine Chimene Aneba Anachira

Ndinataya mkazi. Ndinataya theka la chingwe choyanikira zovala. Ndinataya munthu wondiuza kuti kolala yapindika, komanso chifukwa chotsikira minibasi pa Nsungwi kukagula mapeyala, popeza ine sindidya mapeyala.

Chimfine chinalowa pa poloti yathu ku Area 25 m'nyengo yozizira, fumbi litayamba. Chinayambira kwa aneba, mayi wogulitsa makala amene khomo lawo limayang'anana ndi lathu. Anatsokomola masiku angapo, anamwa madzi a mandimu ndi jinja, n'kubwerera kumsika. Kenaka chinagwira ine, koma sindinagone nacho. Mkazi wanga ndiye anali womaliza, ndipo pamene tinkafika naye kuchipatala ankapuma ngati munthu amene wathamanga.

Kukoleji ndinaphunzira sayansi ya zamoyo, choncho zimene dokotala ananena sizinali zachilendo kwa ine. Kachilombo kakalowa m'maselo a m'njira ya mpweya, maselowo amazindikira kuti mwalowa mlendo, ndipo amatulutsa timankhwala toitana chitetezo cha m'thupi. Mitsempha ya magazi imatseguka, asilikali a m'thupi amakhamukira pamalopo, n'kutupa. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Mwa anthu ambiri, kachilombo kakagonja kuitanako kumaleka. Mwa mkazi wanga sikunaleke, mpaka mapapo anadzaza madzi a m'thupi lake lomwe. Zili ngati munthu akakuwa kuti wakuba kwathu kuno: anthu amabwera ochuluka, n'kugwetsa mpanda wa nyumba imene abwera kudzateteza.

Mayina a timankhwala timeneto ndimawadziwa, ndinakhoza nawo mayeso. Palibe limene limandiuza chifukwa chake thupi la aneba linadziwa polekera.

Kuwodi ya amayi mwamuna sagona. Abale a mkazi wanga anali kutali ku Mulanje, ndiye aneba anasiya makala awo, anamanga chitenje, n'kukhala gadiyani. Iwo ndiwo ankamusambitsa, kumutembenuza, ndi kumubwezera masiki ya mpweya ikasuntha. Ine ndinkalowa pa nthawi yoona odwala nditanyamula fulasiki ya phala, ngati munthu wa kumpingo.

Tsiku lina ndinamupeza akuseka, kuseka kopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka.

"Mukuseka chiyani?" ndinafunsa.

"Za azimayi izi, achimwene," anatero aneba. "Inu tsegulani fulasikiyo, phala lingazizire."

Ndinatsegula. Mpweya umene mkazi wanga anali nawo unali wochepa, ndipo wambiri unkathera kwa iwo.

Ndinawathokoza pamaliro, pamaso pa anthu, ndipo kunali koyenera. Koma m'mawa ndimawamva pampopi akutsokomola kachifuwa kotsalira, n'kupitiriza kutsuka mbale. Amuna awo amadandaula kuti tiyi wachedwa. Ine ndimadikira achoke kaye ndisanatuluke ndi ndowa. Zovala zawo zafika pa theka lathu la chingwe, ndipo sindinanene kanthu.

Aneba anandiimitsapo pageti. "Achimwene, mayi aja ananena zambiri za inu. Mukapeza mpata mubwere, ndikuuzeni."

Ndinati ndamva. Sindinapite. Ndikudziwa kuti akusunga zabwino, mwina zimene ndakhala ndikufuna kumva. Koma sindingathe kulandira mawu a mkazi wanga akutuluka m'chifuwa chimene chinachira.

Mawu ake amene ndili nawo ndi ochepa, koma anauza ine. Madzulo omaliza, anamwino atayamba kutulutsa alendo, ndinachedwa dala pambali pa bedi. Aneba anali atatuluka kukatsuka kapu. Ndinaganiza kuti tsopano tatsala awiri, anena kanthu kokhudza ine. Anasuntha masiki, n'kundigwira mkono wa malaya.

"Pitani, angakukalipireni," anatero. "Mukawaona aneba panjapo muwauze abwere, msana ukundiyabwa."