Dothi la Bambo M'chitini cha Majarini

Bambo anga anamwalira ku Mzilikazi, m'kanyumba ka khonsolo momwe tinakulira tonse. Anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji kuno ku Bulawayo, ndipo sanabwererenso. Kwawo anthu otere amawatcha matchona. Chaka ndi chaka ankati, "Mvula ikangotha ndikupita kwathu." Mvula inkatha, iwo ali pompo pakhonde, akumata chubu cha njinga.

Tsiku loika maliro, manda atakwiriridwa, akuluakulu a ku Malawi omwe bambo ankacheza nawo anatapa dothi pamtumbira, n'kulimanga m'kansalu koyera, n'kupatsa mayi. Ine ndinali ndi ana kale, koma mwambowu sindinkaudziwa. Mkulu wina anandifotokozera pang'onopang'ono, poona kuti Chichewa changa chinkatsimphina masiku amenewo. Anati munthu akafera kutali, dothi la pamanda pake limapita kwa abale ake kuti akaliike kumanda a makolo. Akatero, abalewo amameta mkazi wamasiye ndi kumusudzula, ndiye amavula zakuda.

Mayi anaika kansaluko m'chitini cha majarini, n'kuchikweza pamwamba pa kabati. Kuyambira tsikulo anavala zakuda zokhazokha, mpaka duku lomwe. Ku ukwati sankapita, kwaya ya amayi anasiya.

Ine ndinkakhala ku Pumula, ndipo Loweruka ndinkakwera kombi kukawaona. Chaka chitatha ndinayamba kuwavuta.

"Mayi, vulani zakudazi. Abusa anapemphera kale."

"Abusawo ndi mlongo wa bambo ako?" ankandiyankha choncho. "Iwe unabadwira pa tala, khala chete."

Mayi anga anali a ku Chipata, ndipo akanena kuti toto, basi ndi toto. Ndinkabwerera ku Pumula nditakwiya, kenako n'kumalira m'kombi anthu akundiyang'ana.

Mumsewu mwathu munali Andebele, Ashona, Atonga, ndi banja lina la ku Mozambiki. Aliyense anali ndi kwawo kokwera basi pa Khirisimasi. Mnzawo weniweni wa mayi anali mayi wachindebele wa nyumba yotsatira. Ankaitanana kuti makhelwane, ndiye kuti mnansi m'Chindebele, ankabwerekana mchere pampanda, madzi akasowa m'mipopi ankakatungira limodzi kumjigo. Nayenso ankadandaula: "Hawu, makhelwane, zakudazi zikudya thupi."

Ulendo wa ku Malawi mayi sakanautha, miyendo inali itatupa. Ine ndinalibe mapepala, Zimbabwe inkati ndine Mmalawi, Malawi sinkandidziwa. Tsono mayi ankadalira alendo a kumudzi omwe ankachita lendi kachipinda kakuseri. Wina akangofika, mayi ankamupatsa mpando n'kufunsa, "Mubwerera liti kwathu?" Koma onsewo, kalanga ine, nkhope zinali zoloza ku Joni. Wopita kumpoto panalibe.

Patapita zaka, kunabwera mayi wina wachisilamu wa ku Balaka, wogulitsa zitenje ndi usipa, yemwe ankapita ndi kubwera. Atamva nkhaniyo anavomera. Mayi anatsitsa chitini, anachipukuta fumbi, anamuuza dzina la mudzi ndi mayina a alongo a bambo, n'kumuperekeza mpaka pageti akudzikoka. Masabata amenewo mayi anga anali munthu wina. Anandituma kuti ndichape chitenje chawo chamaluwa chomwe chinali pansi pa sutikesi, ndikachisite bwino.

Wamalondayo anabwera nyengo yozizira itayamba. Ndinalipo tsikulo. Analowa, anagwada, anatulutsa chitini chomwe chija m'chikwama n'kuchiika pansi pamaso pa mayi.

"Mayi, mudzi ndinaupeza. Alamu anu onse anatisiya kale. Otsalawo ndi adzukulu. Akuti dzina la amuna anu sanalimvepo, ndipo dothi la munthu wosamudziwa sangalilowetse kumanda kwawo. Ndinawapempha, anakana. Kulitaya panjira ndinaopa Mulungu."

Ine magazi anawira. Ndinayamba kutukwana anthu omwe sindinawaonepo: bambo anawatumizira mabulangete zaka zonsezo, lero akuti sakuwadziwa! Mayi anangokweza dzanja kuti nditonthole. Anathokoza mlendoyo, anamuphikira tiyi. Chitini chinakhala pansi pompo tsiku lonse, tonse tikuchilambalala.

M'mawa mwake mayi anati ndiitane makhelwane, tipite kumanda. Tinakwera kombi atatu, mayi chitini chili pamiyendo. Pamanda anagwada movutika, anamasula kansalu, n'kukhuthula dothilo pamtumbira pomwe linachokera.

"Bambo ake," anatero, "kwanu akukanani. Khalani konkuno ndi ife."

Kenako anatulutsa lumo m'thumba n'kupatsa makhelwane. Mnzawoyo anadabwa, anati iye si wachibale, mwambowu saudziwa.

"Amene wandiona ndikulira zaka zonsezi ndani? Mlamu wanga ndinu. Ndimeteni."

Makhelwane anavula duku la mayi. Tsitsi lomwe tinaliona komaliza lili lakuda linali litayera mbee. Anawameta pomwepo pakati pa manda, onse awiri akulira, wina m'Chindebele wina m'Chichewa. Ine ndinkatola tsitsi kuti mphepo isaliulutse. Chisoni cha tsikulo chinaposa cha tsiku la maliro.

Chitenje chamaluwa mayi anachivala kangapo chabe, chifukwa mvula yotsatira sanaione. Tinawaika pafupi ndi bambo. Manda atakwiriridwa, mkulu mmodzi yemwe anali atatsala pa akuluakulu a ku Malawi aja anawerama ndi kansalu koyera m'manja, n'kundiyang'ana kuti ndivomereze.

Ndinamugwira mkono. "Lisiyeni, agogo," ndinatero. "Lipita kwa yani?"