Madzi amene ndinatunga m'zitsime za eni

Ndili Fomu 3 ndinalowa kalabu ya zachilengedwe kusukulu kwathu, ndipo teremu yachiwiri kunabwera mayi wina wa kuyunivesite kudzatiphunzitsa za achule. Anati m'mayiko ena kunabuka matenda a pakhungu onga chipere amene apulula mitundu ina ya achule, ndiye ankafuna kudziwa ngati afika kuno. Sipankafunika kugwira chule. Chule akasambira amasiya tizikhungu m'madzi, ndipo kulabu amapima DNA ya tizikhunguto n'kudziwa mtundu wa chuleyo komanso ngati matendawo alipo. Anatigawira mabotolo, natiuza kuti tisanatunge tizipempha kaye eni malo. Ndinamva bwinobwino.

Ndimakhala ku Kawale ndi azakhali anga, omwe ali ndi dimba kumunsi kumtsinje. Dimba lililonse kumeneko lili ndi chitsime chake. Loweruka ndinatunga m'chitsime chathu, koma ndinaona kuti botolo limodzi likuchepa, poti ndinkafuna kuposa anzanga a ku Biwi. Eni madimba ena onse anali kumaliro. Ndinadumpha mpanda wa udzu n'kutunga m'zitsime zawo, ndikudziuza kuti madzi ochepa chonchi palibe angadandaule nawo. Sindinadziwe kuti bambo wina woumba njerwa tsidya lina ankandiona.

Posakhalitsa repu wa mayi oyandikana nafe dimba anagwidwa ndi nsabwe n'kuchita chikasu, wa azakhali ali biriwiri. Mayiwa anali mnzawo wa azakhali wa kalekale, ankagulitsira masamba pabenchi imodzi kumsika wa Chilinde. Atamva kwa bambo woumba njerwa uja, anatipeza tikuthirira.

"Asisi, mwana wanuyu amadzatani ndi botolo pachitsime panga?"

Azakhali anandiyang'ana. Sankadziwa kalikonse.

Kumadimbako aliyense amaopa kukawa, kumene kuli kukoka zokolola za mnzako ndi mankhwala, ndipo amati wokawa amayamba watapa dothi kapena madzi a m'munda mwa mwini. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana. Tsiku lija sindinaziganizire n'komwe.

"Amayi, ndi za kusukulu," ndinatero. "Tikufufuza achule."

Anaseka mosakondwa. "Achule? Asisi, mwafika mpaka pa achule? Chabwino, ndibwezereni madzi anga."

Madziwo kunalibe. Tinali titawadutsitsa pa kasefa n'kuwataya, kasefako n'kupita kulabu. Nditafotokoza zimenezi, zinthu zinangoipiraipira. Mawa lake mayiwa anasamutsa masamba awo pabenchi ija, ndipo amayi ena anayamba kumasiya nkhani azakhali akamafika.

Azakhali sanandikalipire. Tikuchapa anangoti, "Ukanapempha, akanakutungira okha." Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinachonderera aphunzitsi a kalabu mpaka anabwera kudimba pamodzi ndi mayi a kuyunivesite aja. Anabwera ndi nkhani yabwino: matendawo sanapezeke m'zitsime zathu, ndipo m'chitsime cha mayi oyandikana nafe munali mtundu wa kachule kamene sankayembekezera kukapeza mkati mwa tauni. Mayi a kuyunivesitewo anati achule athanzi otere ndi ofunika kuwasunga. Ndinasangalala mumtima, kenako ndinachita manyazi ndi chisangalalocho. Anapepesa m'malo mwanga, inenso ndinagwada n'kupepesa.

Mayi oyandikana nafe aja anamvetsera zonse atapinda manja. Anafunsanso ngati kulabuko kuli mankhwala a nsabwe, anthu n'kuseka, ine n'kuganiza kuti zatha.

"Za achule ndamva, madamu," anatero. "Koma ngati zinali zabwino, mwanayu anadikiriranji tsiku la maliro?"

Yankho loona linali loti ndinali ndi phuma, koma ndinaona kuti ngakhale ndilinene silikwanira.

Masiku ano azakhali ndi mayiwa amapatsana moni. Mwezi watha mwana wa mayiwa anali ndi chinkhoswe, ndipo azakhali anaitanidwa. Anadzuka m'mawa, namanga chitenje chogwirira ntchito, natenga mpeni wawo wosendera mbatata. Atafika anawalozera mpando pamodzi ndi alendo. Pazochitika zonse za banja limenelo iwo ndi amene ankaphika ndiwo, koma tsikulo sanawalole kukhudza poto. Anabwerako dzuwa lisanapendeke, nandiuza kuti mwambo unayenda bwino.

Kalabu sindinasiye, ndipo ndikufunabe kudzagwira ntchito kulabu. Ndimakhulupirira kuti repu wa mayiwa akadzachita bwino chaka chino, mtima wawo udzatsika. Ndinawauza azakhali zimenezi. Anati mwina, napitiriza kumanga masamba a mawa.