Pepani wa Maliro ndi Pepani wa Mlandu

Ndimakhala ku Chelstone, mu Lusaka, m'nyumba imene anasiya bambo anga. Msewu wathu ndi wotsetsereka pang'ono. Woyenda pansi sangazindikire, koma madzi amadziwa. Mvula ikagwa amatsika kuchokera kumtunda, n'kudutsa pa geti langa, kuwoloka msewu, mpaka kulowa pabwalo la nyumba yoyang'anana ndi yanga. Kale akafika pamenepo sankachedwa. Ankapitirira pa malo a tchire amene anali kuseri kwa nyumbayo, n'kukagwera mu ngalande yaikulu.

M'nyumba imeneyo mumakhala amayi amasiye. Kwawo ndi ku Luapula, koma anakwatiwa ndi munthu wa kwathu kummawa ndipo analowa mpingo wa amuna awo, umene ndi wathunso. Amagulitsa vitumbuwa ndi chikanda, chakudya chija cha mizu ya kuthengo ndi nsinjiro, pamsika wa Chelstone. Salankhula kawirikawiri.

Malo a tchire aja anagulidwa ndi bambo ena amene anapuma ntchito m'boma. Anachokera ku Woodlands, kumene ankakhala m'nyumba ya kuntchito. Anamanga nyumba yabwino, kenako mpanda wa mabuloko kuzungulira, monga amachitira aliyense mu Lusaka masiku ano. Amisiri anawauza kuti asiye chibowo pansi pa mpanda, cha kumbali ya amayi aja, kuti madzi azidutsa. Ndinamva ndi makutu anga, chifukwa ndinali nditaima pomwepo kuonerera ntchito. Bambowo anakana. Anati akufuna kudzala kapinga, ndipo madzi a m'misewu amabwera ndi zinyalala ndi makoswe.

Bambowa sanachedwe kusankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo tonse tinayamba kuwatchula kuti ba eluda. Anali ndi mphatso ya pemphero. Akamapemphera, mawu awo ankanjenjemera, ndipo akafika pa zochimwa zathu misozi inkatsika. Ine ndimauma pakamwa ndikapemphedwa kupemphera pagulu, choncho ndinkawasirira.

Mvula yaikulu yoyamba itagwa, madzi anafika pa mpanda uja n'kuima. Anadzaza bwalo la amayiwo, kenako analowa pakhomo la khitchini. Mmawa mwake tinapita ndi ndowa kukathandiza kukapa. Ba eluda anabweranso, atavala majombo. Anagwira dzanja la amayiwo ndi manja awiri, nati pepani, pepani kwambiri, mvula ya chaka chino ndi yoipa. Anapemphera mwachidule n'kubwerera kwawo.

Mpaka nthawi imeneyo ndinali ndisanaganizirepo za liwu lakuti pepani. Timalinena kwa munthu amene wapunthwa pamwala. Timalinena pamaliro ndi kuchipatala. Koma ndi lomwelo limene timanena tikalakwira munthu. Liwu limodzi limagwira ntchito ziwiri, ndipo wolinena sakakamizidwa kutchula ntchito imene walituma.

Amene anandionetsa zimenezi ndi amayiwo. Madzi atalowanso kachiwiri, ba eluda anabweranso ndi pepani wawo. Amayiwo anali atawerama, akufinya chiguduli mu ndowa. Anawongoka pang'onopang'ono.

"Ba eluda, nifunseko. Uyu pepani wanu ni wa malilo, olo ni wa mulandu?"

Ba eluda anaseka pang'ono, n'kuyang'ana ife kuti tiseke nawo.

"Amai, mvula si yanga. Ni ya Mulungu."

"Mvula ni ya Mulungu. Nanga mpanda ni wa ndani?"

Palibe anaseka. Ba eluda anatuluka pa geti nkhope itagwa, ndipo tsiku limenelo sanapemphere.

Mumpingo mwathu, Loweruka loti mawa lake kuli Mgonero timasonkhana kuti tikonze mitima. Abusa amatikumbutsa kuti amene ali ndi chifukwa ndi mnzake ayambe wayanjana naye. Loweruka lotsatira nkhani ija, ba eluda anapempha nthawi. Anaima kutsogolo, nanena kuti iwo ndi munthu wachabe, wodzikuza, wosayenera ngakhale kusesa m'nyumba ya Mulungu. Anapempha aliyense amene anamulakwira, modziwa kapena mosadziwa, kuti awakhululukire. Analira mpaka mpango unanyowa. Amayi a chigwirizano anayambitsa nyimbo motsitsa mawu, ndipo ena ankapukuta m'maso. Inenso zinandikhudza.

Sabata yomweyo anaitana anyamata kudzapaka penti mpanda uja, mkati ndi kunja kwa kumsewu.

Ndimagwira ntchito m'tauni, ndipo m'minibasi ndi mmene ndimaganizira zinthu. Pamzere wa magalimoto wa mu Great East Road munthu amakhala ndi nthawi yokwanira. Funso limene linkandizunguza linali lakuti: kodi misozi ija inali yabodza? Ndinaiona pafupi, ndipo sindikhulupirira kuti anachita kuifinya. Munthuyo ankamvadi chisoni. Koma chisoni cha chiyani? Anatchula kudzikuza, anatchula kuuma mtima, machimo amene alibe malo amene mungaloze ndi chala. Tchimo limene linali ndi msinkhu ndi utali, lomangidwa ndi simenti, ndi lokhalo limene sanalitchule. Ndinayamba kuganiza kuti mwina munthu angathe kulira moona, komabe n'kumalirira pambali pa chinthucho.

Chinanso chinandidabwitsa Lamlungu la Mgonero lija. Pa Mgonero akulu a mpingo ndi amene amayenda m'mabenchi ndi mbale ya mkate ndi tizikho. Ba eluda anapatsidwa mbali ya amayi. Atafika pa amayi amasiye aja, iwo anapinda manja, n'kuyang'ana pansi. Mbale inadutsa.

Patapita masiku ndinaima pa tebulo lawo pamsika kugula chikanda, ndipo ndinawafunsa. Anandiuza kuti sangadye pa gome la Ambuye ali ndi mkwiyo. Anati mitambo ikangoyamba kuda, m'mtima mwawo mumatuluka mawu amene sangawanene m'tchalitchi. Ndinabwerera kunyumba ndikusinkhasinkha. Wolakwiridwa ndi amene ankadziletsa, wolakwa ndi amene ankagawa.

Tsiku lina amayiwo anandiitana kuti ndione chipinda chawo chogona. Khoma la kumbali ya mpanda linali litang'aluka kuyambira pansi mpaka pawindo, moti chala changa chinalowa. Mmisiri wina anali atawauza kuti madzi akufewetsa maziko, ndipo akapitiriza kuima pamenepo khomalo ligwa. Nyumbayo ndi chinthu chokha chimene amuna awo anawasiyira. Ku Luapula anachokako ali mtsikana, ndipo analibe kwina kopita. Ena anawalangiza kuti akasume, koma anakana. Anati sangaime pabwalo la milandu ndi munthu amene amawagawira Mgonero.

Ife a m'dera lathu la mpingo tinapita kwa ba eluda kukakamba nawo. Anatilandira bwino, ndi tiyi ndi buledi. Anavomera kuti nkhaniyo ndi yomvetsa chisoni, anatitsogolera m'pemphero, nati tidzaona mvula ikatha. Mvula inatha. Kunabwera chisanu, kenako fumbi ndi dzuwa, ndipo nkhani ya madzi inaiwalika monga imaiwalikira mu Lusaka chaka chilichonse. Kapinga wa ba eluda anamera bwino kwambiri.

Dzinja lotsatira, mvula ina inagwa masana onse osapuma. Mmawa mwake ndinawoloka msewu kukathandiza kukweza kabati pa mabuloko. Waya woyanikapo zovala unali pakati pa dziwe, choncho amayiwo anayanika matilesi ndi mabulangete pamwamba pa mpanda, pakuti panalibe pena pouma. Madzi akuda a m'matilesi anayenderera kutsidya, n'kudetsa penti ya ba eluda. Tinamva akazi awo akudandaula kuseri kwa mpanda. Posakhalitsa geti linatseguka, ba eluda analowa, mawu ali kale pamlomo.

Amayiwo anali m'chipinda, ndiye ba eluda anapita mpaka pakhomo. Maulendo ena onse ankathera pabwalo. Aka kanali koyamba kuona mkati. Bedi linali pa njerwa. Pakhoma panali mizere ya matope, wina pamwamba pa unzake, yosonyeza pamene madzi ankalekeza. Mng'alu uja unali utakula, ndipo kuwala kunkalowa. Munthu akaima pamene anaima iwo, n'kusuzumira pamng'aluwo, chimene ankaona kunja ndi mpanda wawo.

Ndinadikira pepani. Ndikuganiza kuti amayiwo ankadikiranso, chifukwa anasiya zimene ankachita. Ba eluda anangoima. Anayang'ana khoma, anayang'ana pansi pamene madzi anali m'majombo awo, kenako anatembenuka n'kutuluka. Za matilesi sananene.

Loweruka mmawa ndinamva kugogoda. Poyamba ndinayesa kuti ndi amisiri pa nyumba ina. Kugogodako kunali kosalongosoka, kumayamba n'kuleka. Ndinazungulira mpaka pa geti la ba eluda ndipo ndinalipeza lotsegula. Anali atagwada pa kapinga, pansi pa mpanda, ali ndi hamala ndi tchizulo. Si munthu wa ntchito zamanja. Chala chimodzi anali atachimanga kale ndi kansalu. Akazi awo anakhala pakhonde, akuwerengera mokweza zimene ziwonongeke: kapinga, maluwa, ndi njira ya simenti yopita ku khitchini.

Ndinati andipatse hamala ndiwathandize, kapena tiitane mmisiri.

"Iyayi. Nine ninatseka."

Sanandiyang'ane. Nkhope yawo sinali ngati ija ya kutsogolo kwa tchalitchi. Inali ya munthu amene akumeza mankhwala owawa. Panalibe misozi, koma thukuta lokha. Ndinakhala pa buloko n'kumaonerera, chifukwa kuchoka kunandivuta. Dzuwa litakwera, tchizulo inatulukira kutsidya, ndipo madzi amene anali atakhala masiku pabwalo la amayiwo anayamba kulowa, akuda ndi onunkha, n'kunyowetsa maondo a buluku lawo. Sanasunthe. Anapitiriza kukuza chibowocho.

Zonse zimene ankaopa zinachitika. Madzi anakumba kapinga pakati penipeni. Anabwera ndi mapulasitiki, mabotolo ndi makoko a chimanga. Makoswe nawo anapeza njira. Ba eluda anakumba kangalande kodutsa pabwalo lawo, ndipo anaboolanso mpanda wa kumbuyo kuti madziwo azikagwera mu ngalande yaikulu. Akazi awo anakhala nthawi osapereka moni kwa amayi amasiye.

Ku tchalitchi zinthu zinasinthanso. Ba eluda anasiya kupempha nthawi pa Loweruka la Mgonero. Mapemphero awo anafupika, ndipo mawu sankanjenjemeranso kawirikawiri. Ndinamva ena akunong'onezana kuti munthuyo wazirala, moto uja unatha. Sindinawatsutse. Ndinangodabwa kuti zimene ife tinkayesa moto zinatha nthawi yomwe madzi anayamba kudutsa.

Panali chinthu chimodzi chimene ndinkafunabe kudziwa. Ndinapita pamsika, ndipo amayiwo akundidulira chikanda ndinafunsa ngati ba eluda anabwera kudzapepesa, pepani uja wa mlandu.

"Sanakambe. Koma manzi yapita."

Ndinati komabe, Mkhristu ayenera kuvomereza ndi pakamwa.

"Ba neba, ma pepani yao ninali nayo kale yambili. Sininali na poyaika."

Ndinakambirana nkhaniyi ndi mkulu wina wokalamba wa mumpingo, amene anandiphunzitsa kalasi ndili wamng'ono. Iye anaumirira kuti kulapa kopanda mawu n'koperewera, chifukwa kudzikuza kumatha kubisala ngakhale m'ntchito yabwino. Munthu angaboole mpanda pofuna kuthawa manyazi oti anene kuti ndinalakwa. Mwina n'zoona. Khoma long'aluka lija ba eluda sanalikonze, ndipo sanafunse n'komwe. Tinalikonza ndife amuna a m'dera, ndi waya ndi simenti, ndipo chipsera chake chikuonekabe. Koma ndimakumbukiranso mawu awiri aja a pa kapinga. Pa zonse zimene ndinawamva akuvomereza, ndi okhawo amene ankaloza chinthu chimene ndingachigwire ndi dzanja. Kaya zinakwana pamaso pa Mulungu, ine sindingadziwe. Chimene ndinaona n'chakuti kulapa koyamba kunasangalatsa mpingo wonse, ndipo kwachiwiri kunakwiyitsa akazi awo, kunawononga kapinga, koma nyumba inaima.

Amayiwo sanabwerere ku Mgonero nthawi yomweyo. Anadumphitsa umodzi. Pa wotsatira ndinawaona akutambasula dzanja. Amene anagwira mbale tsikulo anali mkulu wina. Ba eluda ankagawa mbali ya abambo, ndipo sindikudziwa ngati anaona.

Chibowo chija chili ndi vuto limodzi: chimatsekeka. Mapulasitiki amaunjikana pakamwa pake, ndipo chikasiyidwa madzi amayambanso kuima. Sichinthu chimene munthu angachite kamodzi n'kusamba m'manja. Ba eluda ali ndi waya wokhota kunsonga umene amaukoleka pa msomali pafupi ndi mpanda. Mitambo ikada cha kubwalo la ndege, amatuluka nawo.

Sabata yatha mvula inatipeza tisanakonzeke. Ndinali pakhonde, ndikuyang'ana madzi akuwoloka msewu. Amayiwo anatuluka atafunda pulasitiki kumutu, anayang'ana pansi pa mpanda, n'kuitana.

"Ba eluda, chatsekeka futi."

"Nabwela," anayankha mawu kutsidya.

Patapita kanthawi ndinaona nsonga ya waya ikutulukira pachibowo, ikufufuza m'zinyalala.