Matabwa a Mlombwa a Amayi

Matabwa a mlombwa ankakhala pamitanda ya denga m'nyumba mwathu ku Kapondo, aatali, ofiira, opala kale. Amayi anawabweretsa chaka chomwe tinaika bambo, ndipo palibe ankaloledwa kuwakhudza. Ine ndinkati ndi a chitseko, popeza chathu chinali cha bango. Tsiku lina ndinapeza amayi atatsitsa thabwa limodzi, atagonapo chagada, mikono ili m'mbali. Anati akuongola msana. Ndinakhulupirira.

Chinali chilimwe cha zipani zambiri. Malole a anyamata oimba ankadutsa kulowera kuboda, ife n'kutsala ndi fumbi. Amalume, mchimwene wa amayi, anali kalipentala pa Kamwendo. Anzawo onse anali atayamba kukhoma mabokosi, chifukwa maliro sankatha, koma iwo ankakana. Ankakhomera mafelemu munthu wina wa ku Chipata wojambula zithunzi, yemwe ankagulitsa kwa madalaivala a mathiraki ndi alendo odutsa paboda. Anthu ankawanyoza poyera: “Anzanu akufa, inu muli pa zoseweretsa.”

Patchuthi ndinkakhala kushedi komwe amalume ankagwirira ntchito. Ankakoka nsalu yoyera pafelemu mpaka mitsempha kutuluka m'manja, kamsomali mbali ino, kena mbali inayo, kuyambira pakati kupita kumakona, kufikira nsaluyo italira ngati ng'oma poigogoda ndi chala. Kenako ankapaka penti yoyera yosakaniza ndi guluu. Fungo lake likadali kukhosi kwanga. Sankayamika munthu. “Manja ako ngofewa ngati nthochi yakupsa,” ankatero. Ine ndinkangowerama n'kumakwecha matabwa ndi sandipepa mpaka zala kusupuka, kudikira tsiku loti adzanene kuti ndachita bwino.

Wojambula uja atafuna matabwa ouma, osapindika, oti azijambulapo m'malo mwa nsalu, amalume anafika kwathu panjinga. Amayi anali atapita kuchipatala kukatenga mankhwala a chifuwa. Amalume sanafunse munthu. Analunjika pamitanda ngati odziwa kale, anatsitsa onse, kumangirira panjinga, n'kundiuza kuti ndizikankha kumbuyo. Tsiku lomwelo anawadula tizidutswa ta makona anayi. Utuchi wofiira unadzaza pansi.

M'mawa mwake amayi anafika kushedi wapansi, akupuma movutika, chitenje atachizunguliza kawiri m'chiuno chifukwa cha kuonda. Anatola kachidutswa kamodzi n'kukayang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene, mukufuna mwana wangayu adzayende khomo ndi khomo kupempha matabwa?”

Amalume sanasiye kupala. “Ine sindisungira matabwa munthu woyenda ndi miyendo yake. Pita ukamwe mankhwala.”

“Ndiye tsikulo musadzabwere.”

Analavula pautuchi paja n'kubwerera. Ine ndinadabwa kuti akunena tsiku liti.

Chilimwe chonsecho sanalankhulanenso. Ndinali pakati, kuyesa kusangalatsa onse, osasangalatsa aliyense. Kunyumba amayi ankandibweza pakhomo: “Kasambe, ukununkha amalume ako.” Kushedi amalume ankafunsa atandifulatira: “Wouma mutu uja wadya dzulo?” Ndikati ayi, ankamenya msomali mpaka kupindika, n'kukalipira ine kuti ndawaimira pakuwala.

Lero ndimati amalume analakwa. Munthu wodwala simumulanda chinthu chimodzi chomwe wadzikonzera yekha. Koma pali masiku ena, ndikakumbukira misomali yopindika ija, pamene chiweruzo changacho chimandilemera.

Wojambula anabwera kudzatenga matabwa ake. Pambuyo pake ndinawaona paboda atawayedzamiritsa kukhoma: mbidzi, azimayi osenza madengu, thiraki yofiira. Dalaivala wina ananyamula limodzi n'kuliponya kuseri kwa mpando.

Amayi anamwalira mvula itangoyamba. Amalume sanafike pamaliro, monga anauzidwira. Koma bokosi linabwera pangolo, la matabwa wamba, ndipo m'kati mwake munali nsalu yoyera yokokedwa bwino, yopanda khwinya ngakhale limodzi, timisomali titayambira pakati kupita kumakona. Ndinazindikira manja a amalume. Ndinafunsa mayi wina amene anandigwira paphewa ngati tsopano amalume adzatikhomera chitseko chathu. Anangondisisita kumutu.

Ndinali ndisanadziwe kuti tsiku lija amayi sankaongola msana. Ankadziyeza.