Zilembo Zadongo pa Khonde Langa

Mdzukulu wanga wamkazi anakhala Sitandade 3 mpaka kutha msinkhu ali m'kalasi yomweyo. Palibe anamumenya. Ankangomukhazika kumbuyo, pafupi ndi khomo. Anzake akamayimba zolembedwa pa bolodi, naye ankayimba mokweza, koma maso ali pa milomo ya mnzake. Atasiya sukulu, amalume ake anayamba kunena za bambo wina wa ku Naisi, woumba njerwa, amene ankafuna mkazi wolimbika ntchito. Akuti mtsikana wopanda mutu wa sukulu akudikira chiyani pakhomo.

Nthawi yomweyo mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anadzamupempha kuti ayambe sukulu ya kwacha. Ine munthu akamandimwetulira kwambiri ndimayang'ana manja ake. Ndinalola, koma ndinati tizibwera awiri. Ndinkakhala pa muzu wa mango kumbuyo kwa amayi ophunzirawo, ngati ndikungosadzula nkhwani.

Sabata yachiwiri aphunzitsiwo anamulanda choko. Anamutuma kukatapa dongo kudambo, n'kumuuza kuti aziumba chilembo chimodzichimodzi, chachikulu ngati chikhatho, azichisisita ndi chala uku akuchitchula. Ena onse akulemba, wanga ali m'matope. Zinandiwawa. Poweruka anati zoumbazo zitsale, ziume pawindo la tchalitchi. Kwathu dothi limene munthu wapondapo sitilisiyira mlendo, nanji limene lamwa thukuta la m'manja mwake. Ndinadzuka n'kuzimanga zonse m'chitenje.

"Agogo, zithyokatu zimenezo," anatero aphunzitsi.

"Zikathyokere kwathu."

Anaseka, koma sanandifunse chifukwa. Ananditwika okha, n'kunena kuti popeza ndazitenga, ntchito ndi yanga: m'mawa uliwonse ndizimupatsa chimodzi atatsinzina, achipapase, achitchule. Ndinawauza kuti ine sindinapondeko m'kalasi, ndidziwa bwanji kuti sakundinamiza? Anati agogo ngati inu simungasowe njira.

Njira ndinaipezadi. Ndinkadinda chikhadabo kuseri kwa chilembo chimodzi, n'kumupatsa chomwecho lero, mawa, ndi mkuja, kuti ndimve ngati dzina lisintha. Poyamba linkasintha, iye n'kumalira. Mvula itayamba linasiya kusintha. Pa khonde panalibe mlomo wa munthu woti aonerepo, panali ine ndi nkhuku basi.

Titakolola amalume ake anabwera ndi mawu a bambo uja. Ndinawauza kuti mwana ali pa sukulu. Anaseka, n'kuloza thumba lakale la feteleza limene tinayanikapo nandolo, ati awerenge pamenepo timve. Mwanayo anagwada, n'kuika chala pa chilembo choyamba. Anachedwa. Mawu awiri okha anatuluka, odukaduka, koma amalumewo, amene amadziwa kuwerenga, anasiya kuseka. Anakhala pang'ono, n'kunena kuti akamuuza bamboyo ayang'ane kwina.

Mpaka pano amawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, ndipo zilembo zing'onozing'ono zimamutopetsa. Koma ali pakhomo panga, ndipo masana amapita yekha kukaphunzira. Tambala wanga wamkulu ndinakapereka kwa aphunzitsi aja. Ndinamunyamula ndekha, chifukwa zotere sindituma munthu. Atakana, ndinamumanga pa mzati wa khonde lawo n'kubwerera.