Kulusumu, Mayi Amene Adalima Mpunga Magazi Atatha

Kulusumu adabadwira kugombe, m'banja la asodzi, koma ukulu wake wonse adauthera m'matope a mpunga ku Lifuwu. Adalowa m'madzi a sikimu atangokwatiwa ndi Sidiki, telala wa pakhonde la golosale, ndipo pamene izi zinkachitika n'kuti atawokera mpunga zaka makumi atatu ndi zitatu osadumphitsa ngakhale chimodzi. Adali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, zidendene zong'aluka ngati dambo la mu Okutobala. Adabereka ana asanu, mmodzi n'kumuika m'manda, anayi n'kuwalera ndi mpunga womwewo.

Mphamvu zake zidali zotchuka. Thumba la mpunga wosapuntha ankalitwika yekha, kuchoka nalo papuloti mpaka kumsewu osatula. Powokera sankafuna chingwe. Mizere yake inkangowongoka yokha. Nanga mawu! Mpunga ukayamba kucha, mpheta zikamagwa m'minda, Kulusumu akakuwa kamodzi mbalame zinkadzuka ngakhale m'mapuloti a eni ake atatu kutsogolo. Lena, mnzake wa puloti yoyandikana, mayi wa Mvano wokonda nthabwala, ankati, “Ine sindivutika kupirikitsa mbalame. Mulungu adandipatsa a Kulusumu.”

Kutopa kudamulowa ngati chiswe m'nsichi: kunja mtengo uli bwinobwino, m'kati mukutha. Poyamba adangoona kuti akadzuka kuswali m'mamawa, thupi linkakhala ngati sadagone konse. Kenaka njira ya kusikimu idatalika. Kenakanso ndowa ya madzi idayamba kulemera ngati muli miyala. Akawerama n'kuweramuka, m'maso munkachita mdima, mtima n'kumagunda mpaka m'khosi. M'makutu namo mudayamba mkokomo wosalekeza, wuu, wuu, wuu. Iye adangoti ndi mafunde, poti nyanja sili kutali, n'kumadabwa kuti masiku ano nyanjayo siipuma.

“Ndi ukalamba umenewu, amake Asma,” adatero Sidiki. “Ifenso maso ayamba kukana ulusi.”

Kulusumu adavomera, koma mumtima sadakhutire. Mayi ake adakazinga usipa mpaka atachita imvi mutu wonse, osadandaulapo zotere.

Adayesa zonse zimene anthu adamuuza. Tiyi ankamwa katatu patsiku, wakuda bii, shuga masupuni anayi. Ankapepukidwa pang'ono, dzuwa likakwera n'kubwerera mwakale. Sidiki adamugulira zakumwa za m'zitini zimene a kabaza amati zimapatsa mphamvu. Atamwa chimodzi mtima udathamanga ngati ukufuna kutuluka, chachiwiri adathira pansi. Adapita kwa a Shehe, adamuchitira pemphero la dua, mtima udakhazikika ndithu koma miyendo idakhalabe yolemera. Chomwe thupi lake linkalakalaka chidali dothi. Ankagumula la pachulu, n'kulimanga pansonga ya chitenje, n'kumatafuna mobisa ngati mayi woyembekezera, manyazi ali tho.

Akadakhala wina akadangogona. Kulusumu adayamba kuchenjerera thupi lake lomwe. Njira ya kusikimu adaigawa ndi mitengo: kuchoka pakhomo kufika pamtengo wa mango, kupuma, kuchoka pamango kufika pamgwalangwa, kupuma, pakamlatho ka ngalande ankakhala pansi n'kumayang'ana madzi ngati akuona ngati akuyenda bwino, pomwe akudikira kuti mdima uchoke m'maso. Madzi ankatunga theka la ndowa, maulendo awiri. Powokera adasiya kuwerama, adayamba kugwada m'matope, kumayenda ndi maondo kuchoka mbali ino ya puloti kufika mbali inayo. Anthu ataona adaseka, nati a Kulusumu abweretsa ulimi watsopano. Iye adaseka nawo. Nthawi ya mbalame itakwana, adazika timitengo kuzungulira puloti, adamangirira zitini zamiyala m'kati, n'kulumikiza zonse ndi chingwe chimodzi chimene adachimanga kuchala chachikulu cha kuphazi. Ankakhala pansi pa kamsasa, kugwedeza phazi, munda wonse n'kulira ngwe-ngwe-ngwe. Motero adalima, adakolola, adalimanso, zaka ziwiri zathunthu, popanda ndi mmodzi yemwe wodziwa kukula kwa chimene ankasenza.

Tsiku lake lidafika mu Meyi, mpunga wa kilombero utaweramitsa ngala, fungo lake lili ponseponse. Dzuwa lili pamutu, Kulusumu adaona chinthu chakuda chikubwera kuchokera kumadzulo, chikupindika m'mwamba ngati utsi wa lupsa. Zidali mpheta, zochuluka mwakuti chithunzi chake chidayenda pamadzi ngati mtambo. Adakoka chingwe, zitini zidalira, koma gulu lotere silimva chitini. Adaimirira msangamsanga kuti akuwe monga kale. Adatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Munda udazungulira, mlengalenga udapita pansi, ndipo chomaliza chimene adamva chidali kuzizira kwa matope patsaya.

Adatsitsimuka mutu wake uli pamiyendo ya Lena, nkhope itanyowa ndi madzi a m'ngalande.

“Mbalame,” adanong'ona Kulusumu.

“Zisiyeni zidye, anzanga. Tayang'anani kuno.”

Lena adakokera pansi chikope cha diso la mnzakeyo. Adatenga dzanja lake, adalitsuka matope, n'kuligundanitsa ndi lake. Chikhatho cha Lena chidali chofiirira. Cha Kulusumu chidali choyera ngati chinangwa chosenda.

“Mayo ine! Inu mulibe magazi. Mwakhala chonchi kuyambira liti?”

“Ndi kutopa chabe.”

“Kutopa kwake kumeneku ayi. Tiyeni.”

Adamukweza pakabaza, Lena akuthamanga pambali atamugwira msana, mpaka pachipatala chaching'ono chapafupi. Namwino adamubaya pachala, adaika kadontho m'kamakina, adayang'ana, n'kubayanso chala china. Adangoimba foni kuitana ambulansi. Dzuwa lisadalowe, Kulusumu adali pabedi kuchipatala chachikulu ku boma la Salima, Sidiki ali chilili pambali, chisoti chili m'manja.

Dokotala amene adabwera adali bambo wamtali, woyankhula mofatsa. Adawerenga pepala kawiri, kenaka adakhala pamphepete pa bedi.

“Mayi, mwakhala chigonere kunyumba masabata angati?”

“Sindinagone, adokotala. M'mawa uno ndinali kumunda.”

“Kumunda? Anakunyamulani ndani?”

“Ndinayenda ndekha.”

“Mpunga umenewo adawokera ndani?”

“Ndine. Ndi wa chaka chathanso.”

Dokotala adavula magalasi. Adaitana anamwino awiri amene ankadutsa, n'kuwaonetsa pepalalo, osati mwachipongwe koma ngati munthu amene waona chozizwitsa ndipo akufuna mboni. “Mayi awa magazi awo sakufika ngakhale theka la amene munthu amafunika,” adatero. “Anthu otere amabwera kuno atanyamulidwa pamachira, osatha n'kudzutsa mutu komwe. Awa akuchokera kopirikitsa mbalame.” Adatembenukira kwa Sidiki. “Bambo, akazi anuwa ndi munthu wamtundu wanji?”

Sidiki adatembenukira kubedi. Adayang'ana mkazi amene adakhala naye zaka zonsezo ngati akumuona koyamba.

Atapima zonse adapeza akuba awiri: likodzo, limene lidamulowa kudzera m'madzi amene ankaimamo tsiku ndi tsiku, ndi njoka za m'mimba. Zidakhala zikumukha magazi pang'onopang'ono, zaka ndi zaka, thupi n'kumazolowera kuchepako mpaka pamene silikadathanso. Tiyi wambiri uja, adatero dokotala, akamwedwa pamodzi ndi chakudya amatchinga thupi kutenga zopangira magazi. Dothi lija silidali misala; lidali thupi likulira njala yake.

“Koma adokotala,” adafunsa Kulusumu, “kuno ku boma nyanja ikumvekanso bwanji? Si kutali kuno?”

“Mukumva chiyani?”

“Mafunde. Wuu, wuu. Zaka ziwiri tsopano.”

“Si nyanja imeneyo, mayi. Ndi mtima wanu. Ukuthamangitsa timagazi tochepato kuti tikwanire thupi lonse.”

Kulusumu adaika dzanja pachifuwa. Kanyama kosaposa nkhonya, kogwira ntchito ya anthu awiri usana ndi usiku, osapempha tchuthi, mwini wake osadziwa! “Subuhanallah,” adatero chapansipansi.

Adabwera ndi thumba la magazi, lofiira moderako, n'kulipachika pachitsulo. Kulusumu adaliyang'anitsitsa likudontha, dontho, dontho, kutsika m'kapaipi kulowa m'mkono mwake. Mwana wake woyamba, Asma, amene amagulitsa zitenje mumsika wa Salima, n'kuti atafika, atakhala kumiyendo.

“Anamwino,” adaitana Kulusumu, “magaziwa ndi a ndani?”

“Sitidziwa, mayi. Wina adapereka mwa kufuna kwake. Mwina wophunzira wa kusekondale, mwina msilikali, mwina mayi ngati inu nomwe.”

“Msilamu kapena Mkhristu?”

Namwino adamwetulira. “Pathumbapa salembapo zimenezo.”

“Ndiye iyeyo akundidziwa ine?”

“Ayi. Sadzadziwanso n'komwe.”

Kulusumu adayang'ananso thumba lija. Iye adazolowera kuti chithandizo chili ndi nkhope: ukamuwokera mnzako lero, mawa akuwokera iwe. Koma apa munthu adatambasula mkono wake, kulola kukhetsedwa, chifukwa cha wina amene sadzamuona mpaka pa Kiyama, tsiku la chiweruzo. Misozi idatsikira m'makutu, iye osaipukuta.

Thumba lachiwiri lili pakati, adamva kutentha kukutsika m'miyendo mpaka kuzala. Adali ataiwala kuti mapazi amafunda. M'mawa mwake atadzuka adatchera khutu, n'kugwira dzanja la Asma.

“Tamvera.”

“Chiyani, amayi?”

“Kuli zii.”

Mkokomo uja udali utachepa mpaka kutsala pang'ono kuzimiririka. Adamva tsache la wosesa panja, adamva njiwa padenga, adamva supuni ikugunda kapu kuwodi ina.

Mphamvu sizidabwerere tsiku limodzi. Adamwa mapiritsi akuluakulu owawa a likodzo, a njoka, ndi ena ofiira owonjezera magazi kwa miyezi itatu. Asma adakhala kumudzi mwezi wathunthu akuphika usipa, bonongwe, chisoso, nyemba, masamba a chammwamba, n'kumamufinyira mandimu ndi bwemba. Tiyi adasamukira pakati pa m'mawa, payekha, kapu imodzi. Chovuta koposa chidali kugona masana. Kulusumu sadagonepo dzuwa likuwala chibadwire, ndipo ankadzuka mobisa kukasesa. Sidiki adachita kusamutsa makina ake osokera kuchoka kugolosale, n'kuwaika pakhomo penipeni.

“Mukadutsa pano mudutsa pa ine,” adatero.

Mpunga uja sudatayike wonse. Lena adasonkhanitsa amayi a mapuloti oyandikana, a Mvano ndi a kumzikiti omwe, adalondera mosinthana, adamweta, adapuntha, n'kudzatula pakhomo.

Mu Seputembala Kulusumu adanyamuka kupita kusikimu. Ankayenda akuganiza za nazale, za mbewu yoti afese. Adadzidzimuka ataona kuti waima papuloti pake. Mango adawapitirira, mgwalangwa adaupitirira, kamlatho adakaoloka, osakumbuka n'komwe zopuma. Adaima pamenepo, mpweya ukulowa mpaka pansi pa mapapo, n'kuseka yekha ngati mtsikana.

Kuyambira pamenepo, pomaliza swala iliyonse amawonjezera dua ya munthu amene amangomutcha “mwini magazi.” Akapita ku Salima amapereka moni waulemu kwa aliyense wokumana naye maso, wapolisi, wogulitsa tomato, mtsikana wa yunifolomu. Asma akamufunsa amati, “Ukudziwa bwanji? Mwina ndi ameneyo.” Chaka chilichonse akamaliza kukolola amapita kukapimitsa likodzo, ndipo sapita yekha.

Nyengo yowokera itafika, adaona mayi wina wachitsikana, Tiyanjane, wobwera kumene kuchokera kwa Maganga, atakhala pamlambala wa puloti, akuyang'ana madzi nthawi yaitali, mbande zili m'manja. Kulusumu adatuluka m'matope n'kukakhala pambali pake.

“Madziwo akuyenda bwino?”

“Eya, amayi. Ndimangowaona.”

“M'maso mwayera tsopano, kapena mdima udakalipo?”

Tiyanjane adatembenuka modabwa. “Mwadziwa bwanji?”

Kulusumu adamugwira chibwano mofatsa, adayang'ana m'chikope, adayang'ana chikhatho. Kenaka adalanda mbande zija n'kuziika m'madzi kuti zisafote.

“Dzuka pang'onopang'ono, mwana wanga. Tsamira pa ine.”

“Nanga puloti? Apongozi akati ndine waulesi.”

“Apongozi akowo ndikayankhula nawo ndine. Lena!” adakuwa, ndipo anthu adaweramuka mpaka kumapeto kwa sikimu. “Tationerani kuno, ife tapita kuchipatala!”

Adakwera kumsewu awiriwo, wamkulu atakoleka mkono m'chiuno mwa wamng'ono, matope akuuma m'miyendo mwawo.